Ankhoswe anavota m'malo mwanga kuti mtengo udulidwe

Aphungu,

Ndakhala ndikuwerenga malangizo anu pafoni kwa nthawi yaitali, ndipo ndimakonda kuseka anthu olemba za zibwenzi ndi apongozi, osadziwa kuti tsiku lina nanenso ndidzagogoda pakhomo panu. Yanga si ya chibwenzi ayi. Ndi ya mtengo, ndiye chonde musandiseke.

Ndine namwino pa kachipatala kena muno mu Gaborone. Amuna anga a Lucius ndinakumana nawo konkuno kutchalitchi, iwo ali mphunzitsi wa masamu kusekondale. Zaka zoyamba tinkachita lendi kachipinda ku Mogoditshane, komwe fumbi ndi mahutala a makombi, maminibasi a kuno, sizikupatsa mpata wopuma. Ambuye atatikomera mtima tinagula nyumba mumpanda wina wa nyumba makumi awiri ndi ziwiri, zogundana khoma ndi khoma, geti limodzi, bwalo limodzi pakati. Mpanda wathu uli ndi bungwe la eni nyumba. Ukagula nyumba wakhala membala, nyumba iliyonse ili ndi voti yake, ndipo kamodzi pachaka timakumana kusankha komiti ndi kukambirana za madzi, za mlonda, za penti ya geti ndi zina zotero.

Pakati pa bwalolo pali mtengo waukulu wa mfula, umene anzathu kuno amati morula. Tsiku limene tinabwera kudzaona nyumba, a Lucius sanalowe n'komwe m'zipinda. Ine kalikiliki kutsegula makabati ndi kuyesa mipopi, iwo ataima pansi pa mtengo, manja kumbuyo, mutu chagada ngati munthu woona ndege koyamba. Anati, "Mayi a Melissa, uwu ndi mtengo wa kwathu ku Balaka. Unatsogola kudzatidikirira." Ndinawayankha kuti, "Ndiye muzigona momwemo, ine ndi mwana tizigona m'nyumba." Tinagula basi, ngakhale khitchini yake ndi yoti ukatembenuka umagunda firiji.

Kuyambira pamenepo, wofuna a Lucius ankadziwa kowapeza. Mpando wapulasitiki, kawailesi pansi, mulu wa mapepala a ana asukulu pamwendo, cholembera chofiira kukhutu. Nyengo ya zipatso ankachonga mayeso mfula zikuwagwera pamutu, n'kumatola ina, kuiboola ndi mano, kuyamwa, nkhope yonse itakwinyika ndi kuwawasa koma osasiya. Ndinkawanena kuti aphunzitsi athunthu kulimbirana chakudya ndi mbalame. Ankangoseka.

Anatisiya zaka zitatu zapitazo, mwadzidzidzi, matenda a mtima. Ine namwino, woyeza anthu ena tsiku ndi tsiku, sindinaone kanthu.

Apa ndiyenera kukuuzani za a Frackson. Ndi bambo wachikulire wa ku Dowa, anapuma ntchito ya zowerengera ndalama, ndi mkulu wa mpingo wathu, ndipo amakhala mumpanda momwemo. Ukwati wathu tinamangira kuno achibale onse ali kutali, ndiye a Frackson ndi amene anaima ngati ankhoswe akuchimuna. Tikayambana, ndiwo ankatikhazika pansi. A Lucius atamwalira, ndiwo anathamangathamanga m'maofesi, ndiwo anapeza galimoto, ndiwo anakhala pambali pa bokosi ulendo wonse, kudutsa Zimbabwe, kudutsa Tete, mpaka ku Balaka, ine ndili ngati chitsiru osadziwa ngakhale pomwe ndaika nsapato. Kumanda analankhula m'malo mwa tonse a ku Botswana. Munthu wotere ungamubwezere chiyani? Ndiwonso wapampando wa komiti yathu kuchokera kalekale, moti palibe amene amakumbukira wapampando wina.

Manda ali kutali, Aphungu. Ndimapitako kamodzi pachaka, mwina osapita. Ndiye ndikaweruka masana ndimatenga mpando uja, ndikukhala pansi pa mtengo. Dzuwa la kuno limaphwanya mutu, koma pansi paja pamakhala kamphepo kake. Njiwa zimalira, nyenje zimayimba, phiri la Kgale limaoneka ngati likuyandama m'chifungafunga cha kutentha, ndipo fungo la zipatso zakugwa limangokuledzeretsa pang'onopang'ono. Ndimawodzera. Nthawi zina ndimamva ngati pepala latembenuzidwa pambali panga, ndiye sinditsegula maso kuopa kuti ndipeza palibe munthu. Ndimaganiza kuti mizu ya mtengowu imayenda pansi pa nthaka, kuwoloka malire onse popanda woifunsa pasipoti, kudutsa pansi pa Zambezi, mpaka kukatulukira pamanda paja, ndipo zomwe ndikunong'ona kuno zimafika. Ndimawauza za Melissa, kuti watalika kuposa ine ndipo ndikamulankhula Chichewa amandiyankha Chitswana. Ndimawauza za odwala ovuta. Ndimadziona ndili ndi imvi pamalo omwewo, adzukulu akutola mfula m'malaya, ine ndikuwakalipira kuti atsegula m'mimba. Ndikudziwa kuti ndi maloto a masana, koma ndi amene amandidzutsa kuti ndipite kuntchito mawa lake. Zimenezi sindinauzepo munthu, ndinu woyamba.

Tsono msonkhano wa chaka chino unachitika Loweruka masana, pansi pa mtengo womwewo, poti ndi pokhapo pali mthunzi. Anthu akusonkhana, mayi a kunyumba kwa a Frackson anatikodola, ine ndi mnzanga Jenipher, amenenso ndi wa kwathu ndipo amuna ake amagwira ntchito ku Francistown. Anati, "Amayi, tiyeni tithandizane tiyi, alendo asatiseke." Mukudziwa mmene timachitira kwathu. Pakakhala msonkhano, ukwati kapena maliro, amayi timalowera kuseri. Chaka chilichonse timatero. Tinalowa m'khitchini mwawo, tinakanda ufa, tinakazinga mandasi, tikucheza za mitengo ya zitenje. Potuluka ndi mabeseni tinapeza anthu akupinda mipando, ena akuwomba m'manja. Anadya, anathokoza m'Chitswana kuti "ke a leboga", anabalalika. Ine mtima mbee, ndikuti mandasi ayenda bwino.

Madzulo ake kunabwera Mma Onalenna, mayi wa Chitswana woyandikana nane, mphunzitsi wopuma ntchito, amene pamsonkhano uliwonse amakhala kutsogolo magalasi ali pamphuno. Sanayambe ndi dumela, moni wa kuno. Anangoti, "Mma Melissa, munali kuti?" Ndinati ndinali kukhitchini. Apo anandiuza kuti komiti inabweretsa ganizo lodula mtengo kuti pabwalo pamangidwe mashedi a galimoto, chifukwa dzuwa ndi matalala zikuwononga magalimoto ndipo zipatso zikudetsa pansi. Nthawi yovota itakwana, a Frackson anakweza dzanja limodzi n'kunena kuti, "Dzanja ili ndi la nyumba zisanu za ife a ku Malawi, tonse tavomera." Mlembi analemba zisanu. Ofuna kudula anapambana ndi mavoti awiri okha. Mma Onalenna anayesa kutsutsa, koma anamuyankha kuti zimachitika choncho chaka ndi chaka ndipo palibe wa ku Malawi anadandaulapo.

Ndipo n'zoona, Aphungu, palibe anadandaulapo. Ngakhale a Lucius ankangoti, "Akulu alankhula, ife tiwonjezerenso chiyani?" Koma nthawi imeneyo zinali za penti ya geti. Ndani angakangane ndi ankhoswe ake chifukwa cha penti?

Ndinalimba mtima, ndinapita kunyumba kwawo. Njira yonse ndinkayeseza mawu. Nditafika anandilandira bwino, anandifunsa za Melissa, ndipo nditangotchula za mtengo anati, "Mwana wanga, zimenezi musamavutike nazo. Muli ndi zambiri kale pamutu. Ife tilipo kuti tizikuganizirani. Kagalimoto kanu kaja kakupsa ndi dzuwa, a Lucius akanakhalapo akanavomera." Mukudziwa chomwe ndinayankha? Ndinati, "Zikomo bambo." Ndinapinda ndi maondo omwe, abale inu! Ndinatuluka, ndinakalilira kubafa kwanga, madzi ndikuwatsegula kuti mwana asamve.

Pano pathunthu pa mtengo pali chizindikiro cha penti yofiira, ndipo odula akuti abwera kumapeto kwa mwezi. Mma Onalenna akuti malamulo a bungwe lathu amalola kuitanitsa msonkhano wapadera ngati eni nyumba okwanira asayina. Akuyenda khomo ndi khomo, ndipo zatsala siginecha zochepa. Akufuna ndisayine, komanso ndikaime pamaso pa onse ndinene kuti voti yanga sindinapatse munthu. Jenipher akuti asayina ine ndikayamba. Onse akuyang'ana ine.

Koma ndikaima, ndiye kuti ndanena pagulu kuti a Frackson ananama. Ndiwachititsa manyazi pamaso pa eni dziko. Kutchalitchi adzati wamasiye uja waiwala amene ananyamula mwamuna wake. Mawa Melissa akadzapeza banja, adzaimirira ndani? Ine ndikadzagona kuno, adzandiperekeza ndani kwathu? Ndikakhala chete, mtengo ugwa, ndipo m'buku mudzalembedwa kuti nyumba ya a Lucius inavomera. Masiku ano ndikakhala pansi paja tulo sitibweranso, ndimangoyang'ana penti ija.

Ndichite chiyani, Aphungu? Ndisayine, kapena ndimeze?

I.T., Gaborone

Mayi I.T.,

Sindikusekani. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo ndisanayambe kukukalipirani ndinene kuti pepani. Zaka zitatu si kale, ndipo munthu amene manda a mwamuna wake ali kutsidya kwa mayiko awiri ali ndi ufulu wopeza pokhala n'kumalankhula naye. Palibe chamisala pamenepo.

Tsopano tikambe chilungamo. Sayinani. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo pa anthu onse a mumpanda mwanu amene m'mimba mukumupota ndinu. Mma Onalenna akukumenyerani nkhondo yomwe inu mwini mukuionera pawindo. Sangakunenereni kuti voti yanu simunapereke. Mawu amenewo ali ndi mwini mmodzi.

Musasokoneze zinthu ziwiri. A Frackson ali ndi zipewa ziwiri. Cha unkhoswe ndi cha pabanja panu, ndipo chimenecho muzichilemekeza mpaka kale. Cha upampando munawapatsa ndinu eni nyumba, ndipo wapampando amayankha kwa amene anamusankha, inu mmodzi mwa iwo. Unkhoswe sunawapatse nyumba yanu. Kuperekeza maliro sikunawapatse dzanja lanu. Sindikukhulupirira kuti ndi munthu woipa. Ndikuona bambo amene anazolowera kuganizira anthu, ndipo inu nonse a nyumba zisanu munawazoloweza ndi zikomo wanu wa chaka ndi chaka. Chizolowezi chimenecho munachilera limodzi, ndiye musachite ngati chagwa kumwamba.

Choyamba, lembani kwa mlembi wa komiti lero lomwe, mupemphe malamulo a bungwe ndi zolemba za msonkhano uja. Malamulo a ku Botswana sindiwadziwa mokwanira kuti ndikuuzeni mutu ndi ndime, choncho musadalire ine, werengani anuwo. Muone zomwe akunena pa nkhani yovotera munthu wina. Mabungwe ambiri otere amafuna kuti mwini nyumba alembe ndi kusayina kuti watuma uje. Ngati anu akutero, ndipo inu simunalembe kanthu, dzanja lija linali la nyumba imodzi basi. Muonenso ngati nkhani yodula mtengo inalengezedwa msonkhano usanachitike, ndiponso kuti wapampando amayenera kukhala zaka zingati asanasankhidwenso. Pamene mukutero tsimikizani kuti nyumbayo inasinthidwa kukhala m'dzina lanu a Lucius atamwalira, kuti wina asadzakutsekeni pakamwa ndi funso limenelo. Pakakhala posamveka, funsani loya kapena ofesi yothandiza anthu pa zamalamulo.

Chachiwiri, m'kalata yomweyo nenani momveka kuti simunavote ndipo simunatume munthu, ndipo mupemphe kuti odula aimitsidwe mpaka msonkhano wapadera utachitika. Sungani kope lanu. Musadikire kumapeto kwa mwezi, chifukwa pakadafunda padajiwitsa galu, ndipo msonkhano ungathe kubweza chigamulo koma sungadzutse mtengo wogwa.

Chachitatu, ndipo ichi ndiye chovuta, bwererani kwa a Frackson dzina lanu lisanafike kwa iwo kudzera papepala la Mma Onalenna. Asamve kwa ena. Pitani masana, mayi akunyumba alipo, mutenge ndi Jenipher kuti maondo akayamba kupinda akugwireni. Yambani ndi kuthokoza, chifukwa n'zoona ndipo akuyenera kumva. Kenako muwauze zomwe mwandiuza inezi. Mwauza ine, munthu wosakudziwani nkhope, kuti mtengo uja ndi chiyani kwa inu, koma bambo amene anakhala pambali pa bokosi kudutsa Tete simunawauze. Iwo akuganiza kuti akukupulumutsirani galimoto. Adziwa bwanji ngati inu mukuti zikomo? Mukamaliza muwauze mosabisa kuti musayina, ndipo kuyambira pano voti ya nyumba yanu muziponya nokha. Musapemphe chilolezo, mungowadziwitsa mwaulemu. Apatseni mpata woti akonze okha. Munthu wamkulu akapatsidwa khomo lotulukira ndi ulemu wake, nthawi zambiri amalidzera, ndipo mwina ndiwo adzaitanitse msonkhanowo.

Chachinayi, pamsonkhanopo simukufunika kunena kuti wina ananama. Imani, tchulani nambala ya nyumba yanu, nenani kuti tsiku lija simunali pabwalo ndipo simunatume munthu, mupemphe kuti mavoti awerengedwenso nyumba ndi nyumba. Pemphaninso kuti zilembedwe kuti palibe adzavoterenso mnzake popanda chilolezo cholembedwa. Zokwana. Musapite chimanjamanja. Anzanu amene magalimoto awo akuphwanyidwa ndi matalala si adani, vuto lawo ndi lenileni. Yendani ndi Mma Onalenna mumpandamo muone ngati mashedi sangakwane m'mbali mwa khoma kapena cha kugeti, ndipo ngati kudetsa pansi ndi nkhani, gwirizanani zosesa nyengo ya zipatso. Uzaninso eni nyumba zina za a ku Malawi kuti aliyense abwere ndi dzanja lake, ngakhale amene akufuna mtengo udulidwe.

Za kutchalitchi, adzalankhula ndithu, musadzinamize. Adzalankhula milungu iwiri itatu, kenako wina adzapalamula china n'kukuiwalani. Za amene adzaimirire Melissa ndi amene adzakuperekezeni, mukudzizunza ndi mvula yomwe mitambo yake sinaoneke. Koma Melissayo mutengeni mukakhale naye pansi pa mtengo, mumuuze za bambo ake ndi mfula zawo zowawasa, ngakhale akuyankheni m'Chitswana. Katunduyu mwamusenza nokha nthawi yaitali.

Ndikuchenjezeni ziwiri tisanasiyane. Mtengowo si wanu nokha, ndi wa nyumba zonse makumi awiri ndi ziwiri. Mavoti akawerengedwa bwino mukhoza kugonjabe, ndipo mukagonja mwachilungamo mudzavomere, osanyanyala, osasiya kupereka moni. Chimene ndikukulonjezani ndi choti mudzamveka, osati kuti mudzapambana.

Chachiwiri n'chakuti a Frackson akhoza kukhumudwa ngakhale mutachita zonse mwaulemu, ndipo akhoza osakukhululukirani msanga. Konzekerani zimenezo musananyamuke, kuti nkhope yawo ikasintha musabwerere m'mbuyo. Ngati adzaumirirabe kuti mtengo ugwe, mudzavote mowatsutsa iwo akukuonani, ndipo Lamulungu lake mudzapite pomwe akhala mukawapatse moni ndi manja awiri monga mwa masiku onse. Akakana kulandira, musadzapepese.

Aphungu